Nsapato zanga zapita ku migodi, ine ndatsala

Andilanda nsapato za mpira. Wondilandayo si mbala. Ndi msuweni wanga Laitoni, mwana wa amalume, ndipo wandilanda akuseka, anthu akuona.

Loweruka lapitali timu yathu ya pa Katete inasewera ndi anyamata a ku Sinda. Tonse tinkadziwa kuti kwabwera munthu wa ku migodi kudzasankha mnyamata mmodzi woti akasewere m'timu ya kampani, ntchito ndi nyumba zili pomwepo. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4, fizi itasowa. Khomo lina ndilibe. Ndine fulubeki, wotchinga kumbuyo, ndipo m'timu monse wansapato ndinali ine ndekha. Ananditumizira achimwene amene ali ku Walale.

Ndikumanga zingwe, Laitoni uyu.

"Msuweni, vula. Mapazi ako abakhawo akungowononga chikopa."

Anthu anaseka. Ine ndinakana.

Amalume, amene amayang'anira timu, anandiyang'ana. "Iwe Yona, um'mane msuweni wako? Chisuweni unachiiwala? Kumbuyoko nsapato n'zachiyani, ugoletsa?"

Ndinavula. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

A ku Sinda ali ndi chimnyamata chaliwiro chimene amachitcha Galimoto. Sichinandidutse. Chinandiponda chala, chikhadabo n'kusomphoka, ndinamanga ndi luzi, ndinabwerera m'bwalo. Kutsogoloko Laitoni ankangophonya, mpaka mpira unam'gunda pabondo n'kulowa. Pabondo! Nsapato zija sizinaukhudze n'komwe. Amayi nthungululu, anyamata kum'nyamula pamapewa.

Mlendo uja anafunsa funso limodzi: "Wansapato wagoletsayu ndani?"

Kodi inu oonera mpira, maso anu amaona chiyani? Wotchinga ali ngati woingitsa anyani kumunda. Chimanga chikapulumuka mumatama wolima, chikadyedwa mumatukwana mlonda. Chigoli chimene ndaletsa sichioneka, ndiye kwa inu sindinasewere.

Nanga chisuwenichi? Sindidana nacho. Undilande chipewa, undilande nkhuku, mawa ndidzakulanda mpeni, tiseke. Umo ndi mmene chinkayendera, chifukwa wolandayo ankagona m'mudzi momwemo ndipo tsiku lake linkafika. Lero wolanda akukwera lole. Ndikam'bwezera kuti? Ndipo bwanji mwambowu umakumbukika pokhapokha wopindula akakhala mwana wa mkulu? Ndikanam'vula ine Laitoni nsapato zake, amalume akanaseka?

Musandiuze zopirira. Ndapirira sukulu, ndikupirira thonje, msonkho ukundidikira.

Lolemba ndinapita kumsewu waukulu ndikutsimphina. Laitoni anali kale pamwamba pa lole, nsapato zanga atazikoloweka m'khosi.

"Msuweni, usalire!" anafuula. "Ndikakutumizira zina, za bakha!"

Anthu anasekanso.

Laitoni, ngati ku migodiko wina akukuwerengera nyuzi ino, imva. Uli ndi zanga: nsapato ziwiri, chikhadabo chimodzi, ndi malo amene unakhala pa lole paja.