Wogula Kachitatu

Vineeta Goundar anaphunzira masamu ataima pa kreti ya therere. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mutu wake usanapitirire benchi ya bambo ake mumsika wa Flemington ku Sydney, koma ankatchula mtengo wa makilo atatu ndi theka a chinangwa singano ya sikelo isanasiye kunjenjemera. Amayi a ku Samoa ndi ku Tonga ankabwera dala kudzamuyesa.

"Amalume, kamwana kanuka n'kamfiti," ankatero a Sela, mayi wachisamoa amene ankagula nthochi zophika Loweruka lililonse.

"Ufiti wake n'ngwa kwa amayi ake," ankayankha a Goundar.

Pabenchipo lamulo linali limodzi, ndipo a Goundar anabwera nalo kuchokera kwawo ku Labasa pamodzi ndi sikelo yawo: munthu akagula kachitatu, mutsitsire mtengo asanapemphe. Vineeta sanaphunzitsidwe lamuloli. Linangomulowa ngati fungo la ginja m'zala.

Ukachoka ku Sydney zaka zingapo n'kubwerera, chimakudabwitsa si nyumba zatsopano. Ndi kupeza kuti anzako onse amene ankakhoza masamu kusekondale akuloweza za makadi ndi madayisi m'sitima, maso ali psuu, onse akulimbirana khomo limodzi. Khomolo ndi la makampani aja a m'mwamba mwa nyumba zagalasi, amene amagula ndi kugulitsa masheya ndi ndalama zawozawo, opanda kasitomala woti azimumwetulira. Mwana wongotuluka kumene ku yunivesite amalandira kumeneko chaka chimodzi ndalama zimene benchi ya therere singaone pa zaka zitatu.

Vineeta anamaliza digiri ya masamu n'kulowa nawo pamzerewo. Mayeso oyamba sankamuvuta: mafunso makumi asanu ndi atatu m'mphindi zisanu ndi zitatu, iye n'kutsala ndi nthawi yoyang'ana kudenga. Vuto linali pamaso pa anthu. Kampani yoyamba inati amalankhulira pansi. Yachiwiri inati amachedwa kusintha maganizo. Zitatu zinazo sizinanene n'komwe chifukwa. Ukakanidwa umadikira chaka chathunthu, ndipo amangolemba amene sanathe zaka ziwiri chimalizireni sukulu. Zaka ziwiri za Vineeta zinali kutha mu Novembala, ndipo kampani inali itatsala imodzi.

Pafiriji kunyumba kwawo ku Liverpool, dera la kunja kwa Sydney, panali fomu yosinthira dzina la mwini benchi kuti likhale la Vineeta. Bondo la a Goundar linali litatha. Anagwirizana kuti fomuyo ikhale pomwepo mpaka kampani yomalizayo itayankha.

M'mawa wa tsiku lokayesedwa ku kampaniyo, bambo ake anamupeza akusita malaya.

"Ndiye akakulemba uzikagulitsa chiyani kwenikweni?"

"Masheya, Papa. Ndakuuzani kangati?"

"Amawola?"

"Sawola."

"Nanga kuthamangako n'kwa chiyani?" Anamuikira roti, mkate wopyapyala wa kwawo, m'chikwama ngakhale anali atakana kawiri. "Ukalankhule mokweza. Kumsika umakuwa mpaka akumva a mavwende, koma ukaona azungu ovala makabudula mawu amakuthawa."

Amene anamulandira pa nsanjika ya makumi atatu analidi atavala kabudula. Anali mnyamata wamtali, womuposa mwina zaka zisanu.

"Ndine Hamish. Za 'bwana' usiye, zimandikalambitsa." Anayang'ana pepala la mbiri yake. "Flemington? Mumagulitsa chiyani?"

M'makampani asanu aja palibe amene anafunsapo zimenezi. Vineeta anatchula chinangwa, nthochi, mabilinganya, therere.

"Therere! Ndithandize, abale. Ine ndikaphika limangokhala ngati mamina. Mkazi wanga anandiletsa kuligula."

Vineeta anaseka. Anamuuza kuti alipukute liume asanalidule, mafuta atenthe kwambiri, mchere authire kumapeto. Hamish analemba zonsezo kumbuyo kwa pepala la mbiri yake. Mapewa a Vineeta anatsika. Mawu ake anatuluka monga amatulukira Loweruka.

Mafunso a madayisi anawayankha onse, lina Hamish asanamalize kulifunsa. Kenaka mnyamatayo anatulutsa makadi. Anachotsamo mafumu, mafumukazi ndi anyamata, n'kuyala makadi asanu chafufumimba patebulo.

"Malonda athu ndi manambala a pamakadi asanuwa tikawaphatikiza. Undipatse mitengo iwiri, wogulira ndi wogulitsira. Koma ine ndisuzumira awiri." Anatukula makona a makadi awiri, n'kuwasiya. "Tiye nazo."

Vineeta anali atasewera masewerawa kambirimbiri yekha m'sitima. Pongoyerekeza, khadi lililonse limabwera pa zisanu ndi theka; asanu ndiye 27 ndi theka.

"Ndigula pa 26, ndigulitsa pa 29."

"Ndagula pa 29. Mtengo winanso?"

"26 ndi 29."

"Ndagulanso." Ankamwetulira ngati munthu amene wapeza mango abwino. "Wina?"

Yankho ankalidziwa. Linali m'kope lake, lolembedwa mzere kunsi kawiri: wogula mobwereza akudziwa chimene iwe sukudziwa, kweza mtengo. Koma pamaso pake panali munthu amene wamufunsa kaphikidwe ka therere, amene wagula kawiri osanyinyirika, amene dzanja lake likubweranso kachitatu. Pakamwa panatsogola.

"Kwa inuyo 28."

Hamish anaphethira. "Watsitsa?"

"Mwagula kachitatu." Pomwepo anazindikira zimene wanena. "Ayi, pepani. Ndimati 33. 35."

"Ndagula kale pa 28, mnzanga. Mawu akatuluka atuluka."

Anatembenuza makadi. Awiri amene anasuzumira aja anali 10 ndi 10. Onse pamodzi anakwana 41.

"Anandiberapo anthu ambiri pamasewerawa," anatero Hamish akusonkhanitsa makadi, "koma wondipatsa basela ndiwe woyamba." Sanali kumunyoza. Anamuperekeza mpaka pa chikepe, n'kumuthokozanso chifukwa cha therere. Zikanakhala bwino akanamunyoza.

Roti anaidyera pa siteshoni, ataimirira. Sitima ya ku Liverpool imatenga pafupifupi ola, ndipo ola lonselo ankangowerenga mzere uja m'kope. Uthenga unafika Lachinayi: mizere inayi, yaulemu, yomukana ndi kumufunira zabwino.

Bambo ake sanafunse. Anangoona kuti malaya aja apachikidwa kumbuyo kwenikweni kwa kabati.

Loweruka cha m'ma 9 koloko, a Goundar atakhala pa kreti kupumitsa bondo, kunabwera a Sela. Tsopano ankayenda ndi ndodo, ndipo tsikulo sanayambe ndi nthabwala. Anagula katoni ya nthochi pa madola 40, mdzukulu wawo wamkulu n'kupita nayo kugalimoto. Posakhalitsa anabwerera kudzagula yachiwiri. Vineeta anayang'ana mabenchi oyandikana nawo: nthochi zinali zochepa paliponse. Mwina kumpoto kwagwa mvula yoopsa, mwina malole sabwera sabata yamawa. Mayiyu akudziwa kanthu.

"Ndipatsenso ina, mwanawe."

"46, Anti."

Ulendo uno pakamwa sipanatsogole. Anaganiza kaye, n'kunena mokweza, momveka bwino.

A Sela anatsamira pa ndodo yawo.

"Yakwera ndili chiimire pompano?"

"Nthochi zachepa mumsika muno."

"Iwe, ndinakupeza utaima pa kreti, mamina ali chuchuchu." Mawu awo anali otopa, opanda mkwiyo. "Bambo a kunyumba anatisiya Lachitatu. Abale akuchokera ku Apia ndi ku Auckland. Ndiwadyetse chiyani, masamu akowo?"

A Goundar anali atadzuka kale, akutsimphina. Anagwira dzanja la a Sela ndi manja awiri, n'kunena kuti katoniyo ndi ya maliro, salipira. Mayiyo anakana. Anatulutsa madola 46 m'chikwama, n'kuwayala pabenchi pamaso pa Vineeta limodzilimodzi, napita osacheuka.

Panapita makasitomala angapo. Vineeta ankapima, kukulunga, kubweza chenji, manja akugwira okha ntchito.

"Ndi zimene amaphunzitsa kumwamba kuja?" anafunsa a Goundar pomaliza.

"Ndi zimene ndinalephera kumwamba kuja, Papa."

Anamufotokozera za makadi, za 28, za basela. Ankayembekezera kuti aseka. Sanaseke. Anatenga ndalama za a Sela zija n'kuziika mu envelopu.

"Madzulo ukapereke wekha. Uvale zakuda. Ukalowe kukhitchini ukasende nthochizo mpaka atakuuza kuti zakwana."

"Akandilandira?"

"Kaya. Loweruka likudzali mwina akagula kwa Achina a benchi yoyandikana nafeyi." Anakhalanso pa kreti, akusisita bondo. "Ofesi ya msika imatsegulanso Lolemba. Ubwere ndi fomu ija."

Vineeta anayang'ana sikelo. Singano yake inali itayamba kuima pambali pang'ono pa ziro, ndipo winawake anayenera kudzaikonza. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Bambo ake anaima pabenchipo zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo mwini wake woyamba, mkulu wina wa ku Malta, anaimapo makumi atatu.

"Nthawi yanji?" anafunsa.

"Eyiti. Utenge cholembera chako, cha kumeneko sichilemba."

Mayi wina anali atagwira kale therere, akulithyola kansonga kuti aone ngati ndi lanthete.

"Kilo bwanji, mwanawe?"

Vineeta anatsegula pakamwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chiimireni pa kreti ija, anacheukira bambo ake kuti mtengowo anene iwo.