Amuna Anga Atsala mu Kaseti

"Mayi, chinthuchi chili ngati sopo. Mukamachionera pafupipafupi chimaperepeseka." Anandichenjeza choncho ndi bambo wojambula, tsiku limene anabweretsa kaseti ya ukwati wa mwana wanga wamkazi. Anali munthu wa ku boma, wolongolola, ndipo zambiri zimene ananena sindinazikhulupirire. Izi zokha ndinazisunga, mwina chifukwa sindinaone chimene akanapindula pondinamiza.

Ukwatiwo unachitikira kwathu konkuno, cha ku Kapelula, m'chilimwe fodya atapita kale ku okushoni. Alendo tinawakhazika m'chigafa chathu choyanikamo fodya, poti chinali chopanda kanthu ndipo mthunzi wake unali wabwino. Wojambulayo ankayendayenda ndi chikamera paphewa ngati wasenza mwana wa mbuzi. Ankatsata akwati, ovina, ndi alendo ovala masuti. Amuna anga sanawatsate. Iwo sanali munthu wokhazikika pampando. Ankangozungulira kuseri kuona ngati nkhuni zakwana, ngati madzi alipo. Ndiye mu kaseti yonse, yaitali choncho, amaonekamo katatu basi.

Koyamba akudutsa kumbuyo kwa akwati atanyamula benchi. Kachiwiri akupereka moni kwa asewere awo, atayamba apukuta manja pabuluku, chizolowezi cha munthu wothyola fodya amene amaona ngati utomoni ukadali m'manja ngakhale atasamba. Kachitatu wina anawaitana, iwo anatembenuka, nayang'ana kamera, naseka. Ukawerenga pang'onopang'ono sufika pa khumi, apita.

Tsono musaganize kuti nkhope yawo imaoneka bwino. Zithunzi za kaseti zili ngati ukuona munthu kupyolera mu utsi wa mapesi. Malaya awo oyera amawala mpaka kudya khosi ndi chibwano. Madiresi ofiira a operekeza mkwatibwi amatayikira kunja kwa matupi awo ngati nsalu yosuluka. M'munsi mwa galasi la kanema mumayenda mizere yonjenjemera, nthawi zina imakwera n'kudula anthu pakati. Maso a amuna anga ndi timadontho tiwiri takuda. Koma mayendedwe ndi awo enieni, kupendekera kumanzere kuja, phewa limodzi lotsika chifukwa cha zaka zosenza mitengo ya chigafa.

Poopa kuiperepesa, tinkaionera kamodzi pachaka, tikamaliza kudinda mabelo. Tinkakwera njinga mpaka ku Mtunthama, kwa aphunzitsi ena amene anali ndi magetsi komanso deki, makina oikamo kaseti aja. Ine ndinkakhala pafupi ndi dekiyo, osati kuti ndione bwino, koma kuti kaseti ikamatuluka igwere m'manja mwanga. Anthu amasinthanitsa zinthu. Mayi wina wa kumpingo kwathu anabwereketsa yake, inabwerako atajambulapo mpira. Amuna anga ankandiseka.

"Mayi, mwabwera kudzaonera kanema kapena kudzalondera?"

"Zonse ziwiri."

"Ine ndili pompano, wamoyo, mphuno ndi makutu zonse zilipo, simundiyang'ana. Mukulimbana ndi wa mu utsiyo."

Ndinkawauza kuti akhale chete, akusokoneza kwaya ya mu kasetimo.

Tikabwerera kunyumba ndinkaikulunga m'chitenje n'kuiika pansi penipeni pa sutikesi, pamodzi ndi masamba angapo a fodya, monga timachitira ndi zovala za kutchalitchi kuti mphemvu ndi njenjete zisayandikire. Aliyense wolima fodya wa bale amadziwa kuti tsamba louma limakoka chinyezi, mvula ikangoyandikira limafewa lokha. Ine ndinkazidziwa zimenezi ndikakhala m'chigafa. M'sutikesi sindinaziganizire.

Amuna anga atamwalira ndinatha zaka ziwiri osaitulutsa. Ndinkati ndiiumire, ndidzaifuna kwambiri kutsogoloku. Chaka chachitatu ndinapita ku Mtunthama, ndinapeza aphunzitsi aja anasamutsidwa. Ndinafunsa kwa oonetsa mavidiyo pamsika, anangondiseka.

"Deki, agogo? Yathu tinapatsa nkhuku ziziikiramo mazira."

Anali atayamba kuonetsa timbale, ndipo lero ngakhale timbaleto tinatha, zonse zili m'foni. Ndinkaumira kaseti, osadziwa kuti chimene chinkatha ndi madeki.

Mdzukulu wanga wamkulu, mwana woyamba wa banja la mu kasetimo, ndi namwino ku boma. Dzinja lapitali anabwera, anandipeza ndikusoka fodya, nandijambula pafoni osandiuza. Kenako anandionetsa. Zonse zinalipo: makwinya a m'khosi mwanga, ntchentche imene inatera paduku, mitsempha ya tsamba lililonse, ngakhale kaulusi kothothoka pabulauzi. Ndinachita manyazi, kenako ndinachita nsanje. Chithunzi choyera chotere chikuonongekera pa ine, nkhalamba imene aliyense angabwere kudzaiona ndi maso, pamene amene ndikufuna kuwaona ali mu utsi.

"Agogo, ndipatseni kaseti ija," anatero. "Ku Lilongwe kuli munthu amaisamutsira m'foni. Kompyuta yake imatsuka nkhope n'kuoneka ngati yajambulidwa dzulo."

"Amatsuka ndi chiyani? Iyeyo agogo ako aamuna anawaonapo?"

"Sikuti mpaka awaone. Makina amadziwa."

"Amadziwa munthu wa ku Kapelula?"

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Inu agogo simukhulupirira ngakhale mthunzi wanu."

"Ndiukhulupirire bwanji, kukachita mitambo umathawa?"

Sindinamuuze kuti zotsukidwazo ndinaziona kale. Mayi wina wamasiye wa kutsidya kwa dambo anatumiza kaseti yake kutauni. Amuna ake anabwerako osalala ngati mnyamata wa ku koleji, mano onse ali thethethe, pamene mudzi wonse ukudziwa kuti lakutsogolo linachoka ndi ng'ombe ya pangolo. Mayiyo amaonetsa aliyense wodutsa, amati taonani abambo. Ine ndinayang'ana, ndinati zikomo, ndinabweza foni. Si iwo aja. Ndipo kaseti yakeyo sinabwerenso, anamuuza kuti makina anaitafuna.

Mdzukulu atapita ndinatsegula sutikesi, ndinamasula chitenje. Pa kawindo ka kasetiyo ndinaona timaanga toyera pa lamba wakuda wa m'kati uja, tofanana ndi chuku cha pa fodya amene wapanikizidwa ali wonyowa. Masamba aja anali lendelende, ofewa. Ndinawataya kudzala, kaseti ndinaiika pamthunzi pamphepo masiku atatu, ine nditakhala pambali. Timaangato sitinachoke. Sindikudziwa ngati chukucho chagwera pa kwaya ndi ovina, kapena pa malo atatu aja.

Pali chimene sindiuza ana anga. Ndikatsinzina kuti ndiwakumbukire bambo awo, sindionanso munthu amene ndinalima naye, amene ndinkamumeta ndevu pakhonde Loweruka. Ndimaona wa mu kaseti, wa malaya owala ndi timadontho tiwiri. Anatenga malo pang'onopang'ono, ine osazindikira. Chaka chino ngakhale ameneyo wayamba kuzilala. Mawu awo ndikuwamvabe, kutsokomola kwawo ndikanakuzindikira pakati pa msika. Nkhope ndiyo ikupita. Ndikufuna ndiione kamodzi kokha akutembenuka muja, ngakhale ili ya utsi, ndiigwirenso.

Ndiye inu amene mukuwerenga, ngati kwanu kuli deki yakale imene ikugwirabe ntchito, ili pamwamba pa kabati kapena kunsi kwa bedi, musaitaye. Mukamadutsa msewu wa kwathu kuno mupatuke, mufunse mayi wamasiye amene amakana kubwereketsa kaseti, aliyense akulozerani. Mubwere nayo dekiyo pamodzi ndi kanema wake ndi batire, chifukwa kaseti situluka pakhomo pano. Muyambe mwaikamo yanu, ndione ndi maso anga kuti sitafuna. Ngati deki mulibe, bwerani chimodzimodzi, mudzaone ngati ndadzuka. Amene munawadziwa amuna anga, mudzandiuze mmene mphumi yawo inalili, ndipo musawonjezere. Mukafika muodire patali, ndiyambe ndakuonani pawindo.