Ngalande ya Bwato la Ababa

Wailesi yanena lero kuti mabwato a katundu angamadzayende mu Zambezi ndi Shire mpaka ku Malawi. Ndangoseka ndekha, khasu lili m'manja.

Ndili wamng'ono kuno ku Lifidzi, ababa anapita ndi nyemba ku Tete, n'kukwera nazo bwato kutsika Zambezi. Mwezi unatha osabwera. Kenako kunamveka kuti bwato lina lamira.

Ine madzi oyenda ndinkangodziwa a m'ngalande yothirira kachewere kudimba. Ndinaganiza kuti bwato la ababa lasowa pokwerera kumapiri kuno. M'mamawa ndinatseka ngalande ya amayi ndi zibuma, n'kukumba yanga yoloza kunyumba. Matope ozizira ankandiluma zala.

"Iwe! Kachewereyu amwe chiyani?" anakalipa amayi.

"Ndikutsegulira ababa njira."

Amayi anangokhala pansi pamatope pomwepo.

Patatha masiku awiri ababa anatsika lole, fumbi mpaka m'nsidze, akununkha nsomba zouma. Kangalande kanga anangokalumpha, n'kufunsa kuti wakumba ndani. Amayi anaseka mpaka misozi.

Lero ndikudziwa kuti madzi sakwera phiri, koma tsiku limenelo palibe akanandiuza kuti si ine ndinawabweretsa.