Malo Anayi M'kanyumba ka Boti

Chitseko chija ndimachikumbukira ndi tsaya langa, osati ndi maso. Chinali cha mlombwa, chofiirira, chosalala chifukwa cha manja a anthu, ndipo pamene panali loko panatsala kabowo kolowa chala chimodzi. Dzinja lonse la chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi ndinkagona pa chitseko chimenecho, kabowoko kali pafupi ndi khutu langa, malata ali pamwamba penipeni pa mphuno yanga.

Abambo ankawolotsa anthu pa Shire, chakumtunda kwa Matope. Anali ndi boti la matabwa lonyamula anthu, njinga ndi matumba a chimanga, ndipo kumbuyo kwake anakhomako kanyumba ka malata awiri kosungiramo katundu mvula ikamagwa. Munthu wamkulu ankatha kugonamo atapinda mawondo. Anamwalira nyengo yotentha, mvula isanayambe, atadwala masiku asanu okha. Tinatsala ana anayi: achimwene anga a zaka khumi ndi zitatu, ine, mng'ono wanga wamkazi, ndi chitsiriza wathu, mnyamata amene anali asanayambe sukulu.

Amayi kwawo kunali ku Nsambe, kumapiri. Anabwera kuchigwa kuno mwa chitengwa, choncho nyumba yathu inali pa dothi la akuchimuna. Mwambo wometa utangotha, abambo aang'ono ananena mofatsa, ngati akupempha madzi akumwa, kuti nyumbayo akufuna alowemo mwana wawo amene anali atangokwatira. Boti sanalifune. Thabwa lake lapansi linali litang'ambika pamwala, ndipo iwo anati ndi nkhuni chabe.

Kenako kunabwera amalume kuchokera ku Nsambe, atavala jekete lawo lakutchalitchi ngakhale kunkatentha. Anakhala pampando n'kutigawa. Achimwene akapita ku Lisungwi kukaweta ng'ombe za mnzawo wina. Ine ndikapita ku Blantyre kukalera mwana kwa achibale amene sindinawaonepo. Mng'ono wanga amutenga iwowo. Amayi ndi chitsiriza akakhala m'khitchini ya amalume mpaka zinthu zitaoneka bwino, pakuti minda ya kwawo inali itagawidwa kalekale iwo ali kuno.

Kwa zaka zambiri ndinawasungira mkwiyo amalume chifukwa cha tsiku limenelo. Lero ndili ndi ana anga ndipo ndikudziwa kuti sanali munthu woipa. Anaona ana anayi opanda denga, mitambo ikusonkhana, ndipo anachita zimene anthu anzeru amachita. Koma Mulungu sanalonjeze kuti adzaima ndi anzeru nthawi zonse. Ana amasiye ndi akazi amasiye ndi amene anawalemba m'dzanja lake.

Amayi anamvetsera mpaka pamapeto, ali chogwada. Atatha amalume, iwo anati: "Achimwene, ana anga si nkhuku zogawana pamaliro."

Amalume sanakwiye. Anangofunsa kuti anawo agona pati. Amayi anati m'boti. Amalume anaseka pang'ono, kenako anaona kuti si nthabwala. Anati iwo sangalole ana a mlongo wawo kuunjikana ngati mbatata m'dengu. Anatinso mtsikana watsala pang'ono kutha msinkhu, ndipo kwathu mtsikana wotere sagona chipinda chimodzi ndi mlongo wake wamwamuna, ngakhale kulowa khomo limodzi pogona. Anapereka masabata awiri. Adzabweranso, ndipo akadzapeza mwana mmodzi yekha wopanda malo ake ogona, kapena anyamata ndi atsikana ali pamodzi, adzatitenga tsiku lomwelo.

Boti analikoka amayi a kumpingo. Anabwera m'mawa atamanga zitenje m'chiuno, anayala mitengo pansi, n'kulikweza mtunda pang'onopang'ono akuimba, mpaka pansi pa mtengo wa msangu pamwamba pa dimba limene amayi analima ndi manja awo, kumene madzi osefukira ndi ng'ona sizifika. Ndikukumbukira fungo la matope akale pamimba pa botilo, ndi nkhono zing'onozing'ono zimene zinkathetheka pansi pa mapazi athu. Amuna a m'mudzi anaima patali akuonerera. Mmodzi anafuula kuti, "Nanga nyama ziwiriziwiri zilowa liti?" Amayi ena achikulire anamuyankha kuti, "Yambani inuyo kulowa, ina tiisaka."

Amayi anali asanagwirepo sowo moyo wawo wonse. Anakabwereka sowo ndi hamala kwa aphunzitsi, amene ankakonza okha madesiki a kusukulu kwathu. Misomali tinaizula ku thabwa long'ambika lija, ndipo ntchito yanga inali yoiwongola pamwala. Chala changa chachikulu chinada n'kuchoka chikhadabo. Sindinalire, chifukwa ndinkaona kuti msomali uliwonse wowongoka unkanditalikitsa ndi Blantyre.

Tepi yoyezera tinalibe. Amayi anatenga luzi, anatigoneka pamchenga mmodzimmodzi, n'kumanga mfundo pamene pathera mutu wa aliyense. Mfundo zinayi pa luzi limodzi. Analowa nalo m'kanyumba n'kukhalamo nthawi yaitali, akuyeza uku ndi uku, milomo ikuyenda. Sindikudziwa ngati ankawerenga kapena kupemphera. Kwa amayi zinthu ziwirizi sizinkasiyana kwenikweni.

Pansi pa boti si pathyathyathya, ndi pokumbika ngati mtondo wogona. Anazula matabwa amene apaulendo ankakhalapo n'kuwayala mopingasa kuti pakhale posalala, ndipo pamenepo panakwana anyamata awiri. Achimwene miyendo inkatulukira kukhomo, choncho amayi anawonjezera denga ndi kachidutswa ka lata. Tinatsala atsikana. M'mbali munalibe malo. Malo okha amene anatsala anali m'mwamba, pakati pa anyamata ndi denga, koma matabwa anali atatha.

Tsiku lachisanu amayi anandiuza kuti ndinyamule hamala ndiwatsate. Linali dzuwa la masana, anthu ali m'makonde. Tinayenda pakati pa mudzi mpaka pa nyumba imene inali yathu. Abambo aang'ono anali pakhonde ndi mnzawo akusewera bawo. Amayi anagwada n'kuwapatsa moni mwaulemu wonse, kufunsa za ana, za mutu wa akazi awo umene unkawavuta. Atatha anaimirira, analandira hamala, n'kuyamba kuzula misomali ya mahinjesi a chitseko.

"Alamu, mukutani kodi?"

"Ndikutenga chitseko cha abambo anga," anatero amayi, osatembenuka. "Anachipala okha ku Nsambe n'kundipatsa pobwera kuno. Dothi ndi lanu, njerwa ndi zanu. Ichi chinatsika phiri ndi ine."

Zinali zoona ndipo mudzi wonse unkadziwa. Abambo aang'ono anayang'ana mnzawo uja, mnzawoyo anayang'ana njere za bawo. Msomali womaliza unalira ngati mwana wa mbuzi. Amayi anapinda nkhata, anasenza chitseko pamutu, ndipo tinabwerera njira yomweyo, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi hamala. Sanafulumire. Aliyense amene anatipatsa moni anamuyankha. M'mbuyo mwathu nyumba inatsala kukamwa kuli yasa.

Ena kumpingo ananena pambuyo pake kuti mkazi wa Mulungu sayenera kuchita zotero, akanangosiya m'manja mwa Ambuye. Ine ndimawafunsa mpaka lero kuti manja a Ambuye amaganiza kuti amaoneka bwanji. Mayi uja wa ku Iguputo, atalamulidwa kutaya mwana wake mumtsinje, sanakhale pansi kudikira mngelo. Analuka kabasiketi, anakamata phula ndi zala zake, ndipo Mulungu anadalitsa ntchito ya zala zimenezo.

Chitseko chinatalika ndi chikhatho chimodzi kuposa kanyumba. Amayi anachigoneka pa miyala iwiri n'kuika sowo pamzere. Ndinaona akusisita m'mphepete mwake pamene agogo anasemapo timizere. Kenako anadula. Sowo inkapotoka, inkakakamira, ndipo anatha pafupifupi ola lathunthu. Utuchi wa mlombwa unali wofiira pa miyendo yawo.

Anakhoma mitanda iwiri ku nthiti za boti n'kusanjikapo chitseko. Asanalole aliyense wa ife, anakwerapo okha kuyesa. Mtanda wina unazuka, ndipo anagwa pamodzi ndi chitseko n'kuchekeka pachigongono. Chitsiriza analira, achimwene anatembenukira kumtsinje kuti tisaone nkhope yawo. Amayi anamanga bala ndi kansalu n'kutuma achimwene kukaitana aphunzitsi. Aphunzitsi anabwera ataweruka, anayang'ana, anapempha kuti akhome iwowo. Amayi anakana. Anati, "Mungondiuza pamene ndalakwitsa. Achimwene anga akadzafunsa wamanga ndani, ndikufuna ndidzayankhe ndi pakamwa pamodzi." Aphunzitsi anawaonetsa kuti misomali yokha siingasenze anthu, pafunika mzati pakati wochokera pansi. Amayi anadula mtengo wa bulugamu n'kuuimika. Mzati umenewo unagawanso malo a anyamata pawiri, aliyense mbali yake. M'mphepete mwa chitseko anamangamo nkhafi ya abambo kuti mng'ono wanga asagubuduke.

Inatsala nkhani ya khomo. Amayi anatseka kutsogolo kwa malo athu a m'mwamba ndi masaka osokedwa pawiri, kenako anazungulira kumbuyo kwa boti n'kuboola khoma la kanyumba cham'mwamba, kabowo kokwana mwana wokwawa. Anakhoma makwerero a mapondero atatu kunja. Anyamata ankalowera kutsogolo, ife kumbuyo. Nyumba ziwiri, makomo awiri, m'malo amene abambo ankasungamo matumba asanu a chimanga. Mabowo a m'malata anawamata ndi phula limene abambo anasiya m'chitini, ndipo pansi pa denga anakolekamo mphasa yakale kuti kutentha kusatiwotche kumaso.

Sindinganame kuti munali mwabwino. Kukhala tsonga sikunkatheka, ndipo ukaiwala, lata linkakukumbutsa pamphumi. Mvula ikamagwa sitinkamvana. Udzudzu wa ku Shire unkabwera ngati mliri, mpaka amayi anadula neti imodzi pawiri. Kusukulu ankatitcha ana a m'chingalawa, ndipo ankafunsa ngati njiwa yabwerako. Ine ndinkawayankha kuti amene ankaseka womanga chingalawa uja sanathe bwino. Aphunzitsi anandimva tsiku lina, anafuna kundidzudzula, koma anatembenukira kubolodi mapewa akugwedezeka.

Amalume anabwera pa tsiku limene ananena, m'mawa, mvula itangokata. Ananyamula bulangete lopindidwa, lomufundika mng'ono wanga pa ulendo wokwera kumapiri. Sanakhale pansi. Anazungulira boti kawiri. Anagwedeza mzati ndi dzanja, anakoka nkhafi, anaponda makwerero ndi nsapato yawo. Kenako anati aliyense alowe agone pamalo pake. Tinalowa, anyamata khomo lawo, ife lathu. Ndinagona chagada pa thabwa, dzanja la mng'ono wanga litandigwira diresi. Amalume anasuzumira kutsogolo n'kuwerenga mokweza, mmodzi, awiri. Anazungulira kumbuyo, nkhope yawo inatseka kuwala pa kabowo kathu. Atatu, anayi.

Titatuluka tinawapeza ataima akuyang'ana amayi, bala lapachigongono, zala zotupa.

"Wakuthandizani ndani, chemwali?"

"Mulungu, ndi sowo ya aphunzitsi."

Amalume anayang'ananso m'kanyumba, nthawi yaitali, ngati akusaka chinthu chimene chagwa. Kenako anafunsa ndi mawu otsika: "Nanga inuyo mugona pati?"

"Munanena za ana, achimwene," anatero amayi. "Ana ndi anayi, malo ndi anayi."

Ine ndinaseka mokweza n'kuwomba m'manja. Ndinaona kuti amayi awagonjetsa amalume ndi mawu awo omwe, ndipo palibe chinanso chimene ndinamva m'yankho limenelo. Amalume sanaseke. Anaika bulangete lija pamphuno pa boti, anatsanzika mwachidule, n'kuyamba kukwera njira yopita kumsewu okha. Ndinaganiza kuti aliiwala. Ndinalinyamula n'kuwathamangira ndikufuula, koma anangokweza dzanja osacheuka.

Palibe amene anapita ku Lisungwi, ku Blantyre kapena ku Nsambe. Tinakhala m'botimo mpaka chimanga cha kudimba chitacha ndipo amayi a kumpingo atatithandiza kuumba njerwa. Miyezi yonseyo amayi ankatigoneka ndi pemphero, ndipo podzuka tinkawapeza ali kale ndi khasu. Ine m'mwamba muja ndinkayesa kuti amagona pansi ndi anyamata. Achimwene ndi amene anandiuza, tili akuluakulu, kuti amayi ankakhala tsonga pakhomo la kutsogolo, msana atatsamira khoma la kanyumba, miyendo ili panja pamvula atafunda thumba.

Tsiku limene amalume anabwera lija ndinabwerera kuboti ndi bulangete m'manja, ndili ndi chimwemwe cha wopambana mlandu, n'kuwauza amayi kuti amalume aiwala katundu wawo chifukwa cha manyazi. Amayi analilandira, analiyang'ana, ndipo anakhala pansi pamatope pomwepo n'kubisa nkhope m'menemo. Ndinaima pambali ndikudabwa kuti munthu amene wangopambana kumene akulirira chiyani.