Pepala la "Asadye" pa Bedi la a Nizam

A Ellard Makwinja anabadwa ndi manja osoka. Bambo awo anali telala pakhonde la sitolo ya amwenye ku Limbe, ndipo mwanayo atakhala dokotala wa opaleshoni pachipatala china chachikulu mu Blantyre muno, a kwawo ku Chigumula ankamuseka kuti ntchito ndi yomweyo, kungoti nsalu yakeyo imatuluka magazi. Anang'amba ndi kusoka zaka khumi ndi zisanu, ndipo ankasoka bwino zedi. Chimene chinkawadya mumtima n'chakuti munthu amene amusoka bwino Lolemba, pofika Lachisanu ankamupeza atamufunditsa nsalu kumaso.

Ndiye chaka china anatula mpeni pansi. Anapempha kaofesi kopanda ngakhale zenera, n'kuyamba ntchito yofufuza pamene chisamaliro cha odwala chimadukira. Anzawo ankanyogodola kuti a Makwinja atopa, asanduka kalaliki. Iwo ankangoyankha kuti chipatala chili ngati depoti ya minibasi: dalaivala amadziwa zake, kondakitala zake, koma depoti yonseyo palibe amaiyendetsa.

Vuto loyamba limene anagwira linali la njala. Wodwala akamadikira opaleshoni, namwino amamata pepala kumutu kwa bedi lolembedwa kuti ASADYE. Womata alipo. Opaleshoni ikalephereka, womatula palibe. A Makwinja analemba lamulo lakuti zikatero, dokotala apite yekha kuwodi akauze wodwala kuti adye. Analikhoma pakhoma, anachititsa misonkhano itatu, anthu n'kuwaombera m'manja.

Patatha miyezi isanu kunabwera a Nizam, dalaivala wa lole wa ku Ginnery Corner, ndi chotupa m'matumbo. Anawakonzera opaleshoni Lachiwiri, pepala n'kumatidwa. Lachiwirilo madzi anasiya kutuluka m'mipopi. Lachitatu magazi a gulu lawo anasowa. Lachinayi kunabwera anthu a ngozi ya pamsewu, madokotala n'kuthera tsiku lonse pa iwowo. M'mawa uliwonse dzina la a Nizam linkabwerera pamndandanda, choncho namwino aliyense poona pepalalo ankati lili pamalo pake.

Akazi awo, a Aminatu, ankabwera ndi phala la mpunga m'fulasiki tsiku ndi tsiku, n'kubwerera nalo. Amuna awo akapempha, ankawalozera pepala. Sanafunse aliyense. Munthu woleredwa bwino angayambe bwanji kufunsa adokotala ngati aiwala?

A Makwinja anawapeza Lachisanu poyendera mawodi. A Nizam milomo inali itang'ambika, maso atalowa, diripi itatha dzulo lake. Dokotala wogonetsa odwala anawayang'ana n'kupukusa mutu: thupi lotere silingadzuke pa tebulo.

Mtima wa a Makwinja unawira. Anafunafuna woti amukalipire. Namwino amene ankakumbutsa madokotala za lamulo lija anali atasamutsidwa. Dokotala wachinyamata amene anayenera kukauza a Nizam Lachinayi lija anali atatuluka mochedwa m'chipinda cha opaleshoni, atapulumutsa anthu anayi a ngozi ija. Lamulo lenilenilo analipeza pakhoma pomwe paja, litaphimbidwa ndi chidziwitso cha mwambo wotsanzikana ndi metironi. Aliyense anali atagwira ntchito yake, ndipo zimenezi ndiye zinawapweteka koposa. Anayang'ana manja awo aja, odziwa kusoka, koma panalibe choti asoke.

Anabwerera pabedi n'kumatula pepalalo okha.

"Adokotala," anatero a Aminatu motsitsa mawu, atagwada, "ndiye kuti tsopano angadye?"

"Angadye, mayi. Akanatha kudya kuyambira Lachiwiri."

Mayiwo sanakwiye. Anathokoza, mpaka kuomba m'manja. Anatsegula fulasiki, anauzira phala pasupuni, n'kuwatukula mutu amuna awo.

"Idyani, bambo. Alola."

A Nizam anayesa kutsegula pakamwa. Phalalo linatsika ndi tsaya mpaka papilo.