Anthu Atatu Amene Tinawatsitsa M'phiri la Chiradzulu

Za ntchito ya ku nazale ya mitengo ndinazimva pamaliro. Zinali zaka zija boma litangosintha, aliyense akukamba za ufulu koma m'nyumba mulibe ndi mchere womwe. Bambo a mwana wanga anali atalowa m'tauni osabwerako. Tikutsuka mbale pasiwa kwathu kwa Likoswe, mayi wina anandikodola n'kundiuza kuti m'tsinde mwa phiri la Chiradzulu mwafika pulojekiti yobzala mitengo, ndipo akulemba azimayi. M'mawa mwake ndinasiya mwana kwa amayi anga n'kuuyamba wapansi.

Kapitawo wake anali a Malunga, munthu wamfupi wosakonda kuseka. Za sukulu sanandifunse. Anangoti nditambasule manja, naona zikhatho zanga zokhakhala.

"Khasu muli nalo?"

"Ndili nalo, a Kapitawo."

"Mubwere nalo Lolemba. Kuno sitigawa makasu."

Ku nazale ntchito imayambira pa dothi. Tinkakumba dothi lakuda la pansi pa mitengo, kulisefa pa waya kuti muchoke miyala ndi mizu, kenaka kulisakaniza ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana. Dothilo tinkalithira m'machubu, timatumba takuda ta pulasitiki tija, n'kumatsindira ndi chala chachikulu. Ukatsindira kwambiri madzi salowa, ukanyengerera chubu chimagwa. Mbewu ya paini ndi ya bulugama inkayamba yafesedwa pabedi. Ikamera, unkaizula ndi kamtengo kosongoka n'kuiwokera m'chubu, muzu uli chilili osapindika. Msana unkawawa, koma ntchitoyo ndinaikonda.

Nthawi yozizira ikafika, udzu n'kuyamba kuuma, tonse amuna ndi akazi tinkakwera m'phiri kukalambula njira zotchinga moto. Amuna ankatsogola ndi zikwanje, ife pambuyo ndi zikwakwa ndi makasu, kupala mpaka dothi lionekere kuti moto wolusa ukafika pamenepo usowe chodya. Tupa yonolera zida inali imodzi yokha, ndipo a Malunga ankaisunga m'thumba mwawo ngati mankhwala.

Pachipata cholowera m'nkhalango panali mlonda, che Saidi, bambo wachikulire wa cha ku Ndunde. Mwendo wawo wakumanzere unali wopuwala kuyambira ali mwana, choncho m'phiri sankakwera. Ntchito yawo inali kutsegula chipata, kubweza otchera makala, ndi kulozera njira alendo. Ife azimayi tikamadutsa ndi ndowa ankatiseka kuti, "Achemwali, mitengo imeneyi mukuimwetsa kuposa amuna anu."

Loweruka lina mu Julayi, m'chaka changa chachiwiri, kunafika achinyamata atatu ochokera m'tauni, anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi. Anasenza zikwama kumsana ndi tenti yopindapinda. Ine ndinali pompo pachipata ndi wilibala ya mchenga. Mtsikanayo anandipatsa moni mwaulemu, nati dzina lake ndi Lusiya, ndipo anafunsa ngati potsika angagule mbande ya mbawa kuti akabzale kwa amayi ake. Ndinamuuza kuti ndimusankhira yabwino. Che Saidi anawauza zimene ankauza aliyense, kuti nkhungu ikatsika akhale pamalo amodzi mpaka ichoke. Anayankha kuti amva, adzatsika mawa lake, ndipo anakwera akuseka.

Madzulo a tsiku lomwelo chiperoni chinagwa. Amene sanakhaleko kwathu nthawi imeneyi sangadziwe. Ndi kamvula kowaza kosalekeza, mphepo yolowa m'mafupa, ndi nkhungu yoti dzanja lako lomwe suliona bwino. Phiri lonse linasowa.

Lolemba m'mawa che Saidi anatsimphina mpaka ku nazale.

"A Kapitawo, ana aja sanatsike."

"Atsikira mbali ina. Phiri lili ndi njira zambiri."

"Mtsikana uja anati adzera pano kudzatenga mbande."

A Malunga anadziwa kuti mkuluyo sakunena zopanda pake. Anatuma munthu panjinga kukaimba foni kwa bwana wa pulojekiti, yemwe ankakhala m'tauni. Yankho linabwera lakuti pasachoke munthu aliyense pa nazale, chifukwa sabata yomweyo kukubwera alendo akunja, eni thandizo, kudzayendera ntchito. Ndiye ife, anthu akuluakulu amphamvu zathu, odziwa njira zonse za m'phirimo, tinakhalira kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu kuti alendo adzaone poyera. Sindikudziwa ngati ana aja anali akadali moyo pamene tinkapaka miyalayo. Palibe akudziwa, chifukwa palibe anapita kukaona.

Nkhungu itachoka pakati pa sabata, a Malunga anatitenga kagulu kuti tikapitirize njira ya moto ya kumtunda. Sananene kuti tikukafuna anthu, koma ankayenda mofulumira kuposa masiku onse, ndipo palibe anatema udzu ngakhale umodzi.

Tenti tinaipeza pakachidikha kotetezedwa ndi thanthwe, malo abwino ndithu, osankhidwa ndi anthu oganiza. Inali chiimire, zingwe zake zili zokoka. Khomo linali lotsegula. M'kati munali mabulangeti, majekete awiri, tochi, ndi buledi wodulidwa koma wosadyedwa. Panja pa mafuwa panali ketulo ya tiyi wosamwedwa. Pakhomo pa tentiyo panali nsapato za anthu onse atatu, zondandalikidwa bwinobwino ngati pakhomo pa mzikiti.

Tinakuwa, ngakhale mayina a anyamatawo sitinkawadziwa. Ine ndinkangoti, "Lusiya! Lusiya!" Phiri linkandibwezera mawu anga.

Anyamata aja tinawapeza chakumunsi, m'chigwa, atakhala pansi motsamira mtengo wa mkuyu, phewa ndi phewa. Kumapazi anali ndi sokosi zokha. Mmodzi anali atavala juzi ya mtsikana uja, yofiira, yomuthina. Wotchi inali padzanja. Panalibe bala, panalibe magazi, panalibe phazi la fisi kapena la nyalugwe. Ankaoneka ngati anthu odikira basi amene tulo tawagwira.

Lusiya ndinamupeza ndine. Anali kutali ndi anzakewo, mbali ina, m'mphepete mwa kamtsinje. Anagona chammbali, dzanja lili kutsaya, atavala kamalaya kopyapyala. Mapazi ake anali ong'ambikang'ambika ngati a munthu amene wathamanga pamiyala osayang'ana pansi. Ndinamasula chitenje changa chapamwamba n'kumufunditsa, ndipo ndinakhala pambali pake mpaka anzanga anandipeza.

A Malunga anachita zoyenera poyamba. Anati pasapezeke wogwira kanthu, ndipo anatuma mwamuna wina kuti atsike akaitane apolisi ndi bwana. Koma amene anayamba kufika ndi bwana. Anakwera yekha mpaka pa tenti, thukuta lili kamukamu, nsapato zake za mu ofesi zitadzaza matope. Anayang'ana uku ndi uku kanthawi kochepa, nati:

"Atsitseni. Zonse izi zichoke. Alendo akufika mawa."

"Bwana, tidikire apolisi adzaone mmene zilili," anatero a Malunga.

"Apolisi awapeza kumsewu. Mukufuna pulojekiti itsekedwe? Ana anu mudzawadyetsa chiyani?"

Ine sindinathe kudzigwira. Ndinati, "Bwana, awa ndi ana a eni. Makolo awo adzafuna kudziwa chimene chawapha." Sanandiyang'ane n'komwe. Anafunsa a Malunga kuti, "Mayi awa ndi a ku machubu, eti?"

Amuna anadula mitengo iwiriiwiri, kuimanga ndi luzi, n'kuyala mabulangeti a ana omwewo kupanga machira. Tenti inazulidwa. Nsapato zija, ketulo, tochi ndi majekete zinaponyedwa m'thumba limodzi la feteleza. Anthu anapondaponda paliponse, moti ngati panali mapazi a munthu wachilendo kapena mkukuluzi wa njoka, zinathera pansi pa mapazi athu. Ine ndinakana kugwira machira. Ndinangoyenda pambali pa Lusiya, kugwirizira chitenje kuti mphepo isamuvundukule.

Apolisi anatipeza kumsewu, kunja kwa chipata, mitembo itagonekedwa pansi pa mtengo. Bwana anawauza kuti anthuwo analowa m'nkhalango popanda chilolezo cha ofesi, ndipo amene angafotokoze bwino ndi mlonda. Ndinapita kwa wapolisi wamkulu pagulupo n'kumuuza za tenti, za nsapato, za juzi yofiira. Ndinamupempha kuti akwere akaone yekha. Anandimvetsera ndithu, kenaka anakankha thumba la feteleza lija ndi jombo yake.

"Mayi, tikwere tikaone chiyani, poti zonse mwatsitsa?"

Anatenga mitembo, ndipo anatenganso che Saidi, pa chifukwa chakuti ndiwo anali omaliza kuwaona ana aja ali moyo. Munthu woti masitepe a ku ofesi ankakwera atagwira khoma, ankamuganizira kuti anakwera phiri m'chiperoni n'kupitikitsa achinyamata atatu! Che Saidi analowa m'galimoto atangogwira kofia yawo m'manja. Mawa lake alendo anabwera. Anajambula miyala yoyera ija, anatiombera m'manja ife tikuimba nyimbo yowalandira, ndipo ananyamuka osamva chilichonse.

Kuchipatala anati anthuwo anafa ndi kuzizidwa. Zimenezo ifenso tinkaziona. Funso silinali limenelo. Funso linali lakuti, n'chiyani chingatulutse anthu atatu anzeru zawo m'tenti yofunda, kusiya nsapato, majekete ndi tochi, n'kuthamangira m'nkhungu? Ena ankati munalowa njoka. Nanga bwanji sanabwerere njokayo itachoka? Ena ankati anaopsezedwa ndi otchera makala, koma wakuba uti amasiya wotchi? Ena ankati anatuluka kukafuna mnzawo amene anasochera, koma munthu wokafuna mnzake amayamba wavala nsapato. Ndipo popeza panalibe yankho, anthu anatola yankho lapafupi. Mphekesera inawanda kuti che Saidi anagulitsa ana aja kwa ofuna zizimba.

Anakhala m'chitokosi miyezi yambiri popanda kuonekera kukhoti. Ndinapita kwa a Malunga kuwapempha kuti akanene zoona kupolisi, zoti mkuluyo ndiye anayamba kudandaula kuti ana sanatsike. A Malunga anapita, ndiwayamikire pamenepo, koma anauzidwa kuti mawu awo akufunika kutsimikizidwa ndi bwana. Bwanayo atabwera kudzalipira anthu, ndinamudikira pakhomo pa ofesi.

"Bwana, che Saidi akuvutika popanda mlandu. Inu mukudziwa."

"Nkhani ili m'manja mwa apolisi. Inu ntchito yanu ndi machubu."

Mvula itayamba, pamene nazale imafuna manja ambiri, anandiuza kuti ntchito yachepa, ndikapume kaye kunyumba. Sanandiitanenso.

Che Saidi anadzatulutsidwa mwakachetechete, popanda wowapepesa. Ndinakawaona kwawo. Anali ataonda, akutsokomola, miyendo yotupa. Akazi awo anandiuza kuti zitumbuwa zawo pamsika palibe ankagulanso, ndipo ana a m'mudzi ankathawa akaona mkuluyo atakhala pakhonde. Che Saidi sanadandaule za ndende. Anangondifunsa kuti, "Achemwali, kodi zinadziwika chimene chinawathamangitsa ana aja?" Sanathe chaka, anamwalira.

Patapita nthawi, mayi wina wovala zakuda anafika kwathu kwa Likoswe atafunsira nyumba ndi nyumba. Anali mayi ake a Lusiya. Anatulutsa m'chikwama chitenje changa, chochapa bwino, chosita. Anati kuchipatala anapeza mwana wawo atafundidwa chimenecho, ndipo anayendayenda kufuna mwini wake. Tinakhala pamphasa, ndipo ndinawafotokozera zonse zimene ndinaona, osabisa ngakhale za laimu. Anamvetsera osalira. Pomaliza anati:

"Mwana wanga sankaopa mdima. Ali wamng'ono ndiye ankaperekeza azichimwene ake kuseri. Ndiuzeni, mayi, ankathawa chiyani?"

Mpaka pano sindidziwa chimene ankathawa. Mwina ngakhale apolisi akanakwera tsiku lija sakanapeza kanthu. Koma mayi aja anali ndi ufulu woti wina ayesere, ndipo ufulu umenewo unazulidwa pamodzi ndi zikhomo za tenti kuti alendo asakhumudwe.

Kuchokera pamenepo ndagwira ntchito zambiri, m'minda ya fodya, m'khitchini ya sukulu, m'nyumba za anthu. Paliponse pakagwa tsoka, ndimayang'ana amene akuthamangira kutenga tsache. Munthu ameneyo sakukonza malo, akufuna wina woti asenze mlandu, ndipo amene amasankhidwa amakhala uja wosatha kuthawa. Ndiye ine ndikapeza zoipa pantchito, sindisuntha kanthu, sindilola wina asunthe, ndipo ndimakuwa mpaka anthu adzaze, aliyense aone ndi maso ake. Anandichotsapo ntchito kwina chifukwa cha khalidwe limeneli, akuti ndine mayi waphokoso. Ndinavomera. Phokoso langa silinaphepo munthu.