Mwana Mmodzi, Misonkhano Iwiri

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene nkhani ya chinamwali changa inatsala pang'ono kuthetsa banja la makolo anga. Tinkakhala kwawo kwa amayi, kufupi ndi Magomero, kumene abambo anali mkamwini. Amayi ndi abale awo, Alhomwe osunga mwambo, ankafuna kuti sukulu ikatsekera ndikalowe kutsimba. Abambo, Mkatolika wokulira pa mishoni, ankakana. Mkanganowu unali wakale ndipo kawirikawiri unkathera m'kuseka. Koma chaka chimenecho kunali chisankho.

M'dera lathu munkazungulira bambo wina wa chipani, wamawu okoma, amene anthu ankangomutcha a Kampeni. Wopikisana sanali iye. Ntchito yake inali kulankhulira bwana wake, amene nkhope yake tinkangoiona pa nsalu. Anafika pa bwalo la mpira la m'mudzi mwathu tsiku limene abambo anali kumaliro ku Mauwa. Ng'oma za tchopa zinalira, fumbi lili koboo. Ine ndinali kutsogolo ndi ana anzanga, nditamanga chitenje cha amayi chopinda pawiri. Ndinangoona wandigwira mkono, n'kundikweza pa lole.

"Taonani mwana uyu!" anakuwa. "A chipani chinacho akapambana adzaletsa chinamwali. Anankungwi adzamangidwa. Mwanayu adzakula ngati mbuzi, wosadziwa mwambo wa makolo ake. Mulola?"

"Ayiii!" linayankha bwalo lonse, amayi anga nawonso akululutira.

Dzanja lake linali lonyowa ndi thukuta, koma ine ndinanyada. Sindinadziwe kuti mawuwo atitsata mpaka kunyumba.

Kuchokera tsikulo, kukana kwa abambo kunayamba kuoneka mwina. Amalume anga a Wisikoti, amene kale ankasewera nawo bawo, anawafunsa pamaso pa anthu kuti, "Alamu, inu akutumani ndani?" Abambo akapita ku mapemphero a mphakati, anthu ankanong'onezana kuti akukapereka mayina a anankungwi. Akatulukira pakhomo, nkhani inkaduka. Abambo nawonso anayamba kukayikira kuti amayi adzandizembetsa, moti ankandiperekeza kusukulu pa njinga, n'kudzandidikira pa geti poweruka. Sanafunse n'komwe kuti wolankhula uja anali wa chipani chiti. Kwa iwo aliyense woikira tsimba kumbuyo anali wa mbali imodzi basi. Tsiku lina ndinaona zovala zawo zitapindidwa m'chikwama, chili kuseri kwa chitseko.

Lamlungu lina abambo ananditenga ku mishoni, kumene ndinkavina nawo pa Misa ndi atsikana anzanga, titavala madiresi oyera. Amayi anatitsatira ndi dengu la nthochi. Ananena kuti akukagulitsa, koma tonse tinkadziwa kuti akuopa kuti abambo akandisiya kwa azakhali. Potuluka tinapeza lole itaima pa kamsika, kunja kwa mpanda, chifukwa ansembe anakaniza ndale pa bwalo la tchalitchi. Pamwamba pake panali a Kampeni, korona ili m'khosi. Kwathu sanavale korona.

Maso awo anayenda pakati pa ana, n'kuima pa ine. Ndinamwetulira poganiza kuti andizindikira. Anandikwezanso.

"Taonani mngelo uyu!" anatero, mawu akunjenjemera ngati alira. "A chipani chinacho ali pamodzi ndi anankungwi. Akapambana, ana ngati awa adzakokeredwa kutsimba, asiye sukulu, akwatiwe mawere asanamere. Ife tidzateteza ana a Mulungu!"

Ndinaona abambo akuwomba m'manja, nkhope ili ngwee koyamba m'masabata ambiri. Kenako ndinaona amayi atula dengu pansi, akudutsa m'chigulu mpaka pamene anaima abambo.

"Abambo a Felesiya, uyutu ndi yemwe uja anamukweza mwanayu kwathu."

"Bodza. Mwayamba."

"Mufunseni mwana wanu."

Nditatsika, abambo anawerama n'kundiyang'ana m'maso nthawi yaitali, ngati akufufuza ngati amayi andipangira. Ndinawauza kuti ndi omwewo, ndipo ndinabwereza mawu a mbuzi aja. Anandigwira dzanja mpaka kuseri kwa lole, kumene a Kampeni ankapukuta thukuta.

"Pepani bwana, mwanayu munamuonapo?"

"Ana onse ndi anga, bambo," anayankha akuseka.

"Nanga chinamwali, chipani chanu chikuti chikhale kapena chithe?"

A Kampeni anayang'ana diresi langa loyera, anayang'ana chitenje cha amayi amene anaima chapatali, n'kunena kuti zimenezo adzakambirana akapambana. Anakodola mnyamata wawo kuti awapatse abambo nsalu ya chipani. Abambo sanatambasule dzanja.

Tinabwerera wapansi tonse atatu, abambo akukankha njinga, dengu litamangidwa pa kaliyala. Titayenda mtunda wautali, abambo anati, "Ndiye kuti tonsefe watiphikira mumphika umodzi."

"Ine ndinayamba kumululutira," anatero amayi. Ndipo anatembenukira kwa ine. "Felesiya, munthu akamakuloza mdani amene iwe sunamuone, uziyang'ana kaye chimene dzanja lake linalo likutenga."

Sabata yotsatira ankhoswe anakhala pansi. Anagwirizana kuti ndikalangizidwe ndi amayi a kutchalitchi, ndipo amayi aakulu, akulu awo a amayi, andilangenso pakhomo za kwathu. Palibe anakhutira kwenikweni. Amalume sanalankhule ndi abambo mpaka nthawi yokolola. Koma banja linatsala. Chisankho chinadutsa, ndipo palibe nankungwi anamangidwa, palibenso mwana anakokedwa ndi boma kupita kutsimba.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo nyengo ya chisankho ikafika ndimamvanso nyimbo zomwezo. Mwina ndi za mavalidwe a ana asukulu, mwina za ukwati, mwina za chipembedzo. Nkhanizo n'zenizeni, ndipo zimawawa m'mabanja mwathu. N'chifukwa chake andale amazikonda, poti bala lakale silivuta kutukula. Sindikuti onse ndi abodza. Koma ndikamva wina akulira pa nsanja chifukwa cha ana athu, manja anga sathamangira kuwomba. Ndimafuna ndidziwe kaye zimene anakanena kutsidya kwa mtsinje, ndiponso kuti kumeneko anakweza mwana wa yani.